Bentley Old Number One

Old Number One ndi dzina la galimoto yampikisano ya mtundu wa Bentley Speed Six imene inapangidwa ku London m'chaka cha 1929. Inapambana kawiri motsatizana, mu 1929 ndi mu 1930, pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'dziko la France, ndipo mu 1931 inapambananso mpikisano wa mamailosi 500 pa bwalo la Brooklands ku England. Nambala yake ya chasisi ndi LB2332 ndipo ya pamsewu ndi MT 3464. Kupatula za liwiro, galimotoyi imadziwika ndi mlandu umene unazengedwa ku khoti lalikulu la ku London mu 1990. Woweruza anayenera kuyankha funso lakuti, galimoto ikasinthidwa chasisi, injini ndi bodi, kodi imakhalabe galimoto yomwe ija? Pa yankho lakelo panagona ndalama zokwana mapaundi 10 miliyoni.

Kampani ya Bentley ndi chuma cha ku migodi

W. O. Bentley anayambitsa kampani yake mu 1919, ndipo fakitale inali ku Cricklewood, kumpoto kwa London. Iye anaphunzira ntchito ya injini pa sitima zapamtunda, ndipo magalimoto ake ankaonetsa kumene anachokera: anali aakulu, olemera ndi olimba. Anthu amasimba kuti Ettore Bugatti, yemwe ankapanga timagalimoto topepuka ku France, ankaseka magalimoto a Bentley kuti ndi malole othamanga kuposa onse padziko.

Mpikisano wa ku Le Mans unayamba mu 1923. Galimoto ya Bentley inapambana mu 1924, koma kupambanako sikunathetse mavuto a ndalama. Magalimoto anali okwera mtengo kupanga, ogula anali ochepa, ndipo pofika 1926 kampani inali pafupi kutsekedwa. Amene anaipulumutsa ndi Woolf Barnato, mnyamata wolemera wokonda liwiro, yemwe anathiramo ndalama zake n'kukhala wapampando.

Chuma cha Barnato chinachokera kummwera kwa Africa. Bambo ake, Barney Barnato, anafika ku Kimberley ali mmphawi m'zaka za m'ma 1870 ndipo analemera ndi dayamondi. Atalimbana kwa nthawi ndi Cecil Rhodes, kampani yake inamezedwa ndi De Beers, ndipo cheke chimene chinatsekera malondawo chinali cha mapaundi 5,338,650. Kenako anathira ndalama m'migodi ya golide ya ku Johannesburg, migodi yomwe pambuyo pake inadya thukuta la amuna ambiri a ku Nyasaland amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela kapena paokha wapansi. Barney anafera panyanja mu 1897, pafupi ndi chilumba cha Madeira, Woolf asanakwanitse zaka ziwiri. Motero ndalama zimene zinapangira Old Number One ndi zimene zinakumbidwa pansi pa nthaka ya ku Kimberley ndi ku Rand.

Kapangidwe kake

Speed Six inali mtundu wothamanga wa galimoto ya Bentley ya malita 6 ndi theka. Onse pamodzi anapangidwa 182 okha, kuyambira 1928 mpaka 1930. Injini yake ndi ya masilinda 6 ondondozana, kukula kwake 6,597 cc. Silinda iliyonse ili ndi mavavu anayi ndi mapulagi awiri, ndipo mafuta amadzera m'makabuleta awiri a SU. Galimoto yogulitsa kwa anthu wamba inkatulutsa mahosipawa 180, pamene za mpikisano zinkafika cha m'ma 200.

Chinthu chimodzi chimene makaniko wa lero angadabwe nacho n'chakuti mutu wa injini ndi buloko anaziumba pamodzi, chitsulo chimodzi. Palibe gasketi ya pamutu yoti ipse injini ikatentha. Pa mpikisano wa usana ndi usiku umenewu unali mwayi waukulu, ngakhale kuti wofuna kukonza mavavu ankayenera kuzula buloko yonse.

Giyabokosi inali ya magiya anayi opanda zothandiza kuti alowe mofewa, choncho dalaivala ankafunika kumvetsera kulira kwa injini ndi kuponda kilatchi kawiri posintha giya. Chopondera moto chinali pakati, kilatchi kumanzere, buleki kumanja. Mabuleki anali a ng'oma, okokedwa ndi zitsulo, ndipo ankayenera kuimitsa chinthu cholemera pafupifupi matani awiri. Bodi inapangidwa ndi kampani ya Vanden Plas: mafelemu a matabwa okutidwa ndi nsalu yolimba, mipando inayi, pamwamba potseguka. Masiku amenewo fakitale inkagulitsa chasisi ndi injini, bodi n'kukapangitsa kwina. Chifukwa cha ichi kusintha bodi sinali nkhani yachilendo, ndipo mfundo imeneyi inadzakhala yofunika pa mlandu wa 1990.

Le Mans 1929

Mpikisano wa ku Le Mans umachitikira pa misewu imene masiku ena onse mumadutsa anthu wamba. Wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali kwambiri m'maola 24. M'zaka zimenezo galimoto iliyonse inkakhala ndi madalaivala awiri osinthana, ndipo malamulo sankalola kuthira mafuta, oyilo kapena madzi galimoto isanazungulire maulendo oikika. Galimoto yodontha radiyeta kapena yomwa oyilo inkatuluka yokha mu mpikisano, ngakhale ikhale yaliwiro chotani.

Pa 15 ndi 16 Juni 1929, Speed Six yatsopanoyi inavala nambala 1, ndipo dzina lake linachokera pamenepo. Anaiyendetsa Woolf Barnato ndi Sir Henry Birkin, amene anzake ankamutcha Tim. Msewu wozungulira unali wa makilomita 16.34. Magalimoto a ku America a Stutz ndi Chrysler analipo, koma sanathe kuwopseza. Speed Six inatsogola pafupifupi mpikisano wonse, moti W. O. Bentley ankangokweza zizindikiro zouza anyamata ake kuti achepetse liwiro, asaononge injini pachabe. Inayenda makilomita 2,844, kutanthauza makilomita 118 pa ola lililonse kuphatikizapo nthawi yoima kuthira mafuta. Mtunda umenewu ukuposa ulendo wa pamsewu wochoka ku Blantyre kudzera ku Tete ndi Harare mpaka ku Johannesburg ndi makilomita oposa 1,000. Malo achiwiri, achitatu ndi achinayi anatengedwanso ndi magalimoto a Bentley a malita 4 ndi theka, ndipo onse anayi anadutsa pomalizira atandandalikana.

Chaka chomwecho galimotoyi inapambana mpikisano wa maola 6 ku Brooklands, inachita ngozi pa mpikisano wa Tourist Trophy pafupi ndi Belfast ili m'manja mwa Glen Kidston, inakonzedwa, n'kukakhala yachiwiri pa mpikisano wa mamailosi 500 itavekedwa bodi ina.

Le Mans 1930

Mpikisano wa pa 21 ndi 22 Juni 1930 unali ndi magalimoto 17 okha, koma ndi umene umakumbukika kwambiri. Panabwera Mercedes-Benz imodzi yoyera ya malita 7, yoyendetsedwa ndi Rudolf Caracciola ndi Christian Werner. Inali ndi chipangizo chokankhira mpweya mu injini chimene dalaivala ankachiyatsa akaponda moto mpaka pansi. Chinkapatsa mphamvu zambiri, koma sichinapangidwe kuti chizilira nthawi yaitali.

Birkin, amene tsopano anali ndi gulu lakelake la magalimoto a Bentley okhala ndi chipangizo chonga chomwecho, lolipiridwa ndi mayi wolemera Dorothy Paget, anathamangitsana ndi Caracciola kuyambira koyambirira mpaka matayala ake anayamba kusupuka. Kenako Barnato ndi Kidston, mu Old Number One imene chaka chimenechi inavala nambala 4, anapitiriza kumupanikiza. Usiku Mercedes inatuluka mu mpikisano chifukwa cha vuto la magetsi, batire itatha mphamvu. Magalimoto a Birkin nawonso sanafike kumapeto. Old Number One inapambana itayenda makilomita pafupifupi 2,930, ndipo Speed Six inzake ya Frank Clement ndi Dick Watney inakhala yachiwiri. Barnato anali atapambananso mu 1928, choncho analowa mpikisanowu katatu n'kupambana katatu konse.

Kidston sanakhalitse. Mu Epulo 1931 anauluka pa ndege kuchoka ku England kufika ku Cape Town m'masiku 6 ndi theka, ndipo pa 5 Meyi chaka chomwecho anafa pamene ndege ina imene anakwera inasweka mlengalenga pa mapiri a Drakensberg.

Brooklands ndi ngozi ya 1932

Itatha Le Mans ya 1930, kampani ya Bentley inasiya mipikisano. Mavuto a zachuma amene anagwedeza dziko lonse kuyambira 1929 anachepetsa ogula magalimoto odula, Barnato analeka kuthiramo ndalama, ndipo mu Novembala 1931 kampani inagulidwa ndi Rolls-Royce. Old Number One inatsala m'manja mwa Barnato ngati galimoto yake, ndipo woisamalira anali Walter Hassan, makaniko amene analowa ntchito ku Bentley ali mnyamata wa zaka 15.

Brooklands linali bwalo la konkire lozungulira makilomita 4.4, lotsegulidwa mu 1907 ku Weybridge. M'makona ake msewu unali wopendekeka ngati m'mbali mwa mbale, kutalika kwake pafupifupi mamita 9, kuti magalimoto azikhota osachepetsa liwiro. Othamanga kwambiri ankayenda m'mwamba mwenimweni, pafupi ndi mlomo, ndipo kuseri kwa mlomowo kunali phompho ndi mitengo. Mu Okotobala 1931, Jack Dunfee ndi Cyril Paul anapambana mpikisano wa mamailosi 500 pa bwaloli ndi Old Number One, pa liwiro la makilomita 190 pa ola.

Konkire ya Brooklands inali ya mabampu, ndipo chasisi imene inali itapirira zaka zitatu za mipikisano inali itatopa. Mu 1932 Barnato anauza Hassan kuti aimangenso galimotoyo. Hassan anatenga felemu ya chasisi ya Bentley ya malita 4, yomwe inali yolimba kwambiri, n'kusamutsirapo ziwalo zambiri za galimoto yakale. Pambuyo pake anaikamo injini ya malita 8, ndipo bodi inakhala yopyapyala ya anthu awiri. Nambala ya pamsewu sinasinthe.

Pa 24 Sepitembala 1932, pa mpikisano wa mamailosi 500, galimotoyi inayendetsedwa ndi abale awiri, Jack ndi Clive Dunfee. Clive akupitirira Bugatti ya Earl Howe m'mwamba mwa kona, tayala limodzi linatsetsereka kuseri kwa mlomo. Galimoto inawomba mtengo, inamuponya kunja, n'kugwera pa msewu wa kumunsi. Clive anafera pomwepo. Mkazi wake, Jane Baxter, katswiri wa zisudzo, anali m'gulu la oonerera.

Barnato sanailowetsenso mu mpikisano. Anaikonzetsa n'kuiveka bodi yotseka kuti ikhale yoyendera pamsewu, ndipo patapita zaka zochepa anaigulitsa. Iye atamwalira mu 1948, Old Number One ndi imene inatsogolera mdipiti wa maliro ake itasenza nkhata za maluwa. Hassan anapitiriza ntchito yake ku Jaguar ndi ku Coventry Climax, kumene anathandiza kupanga injini zotchuka za XK ndi V12 za Jaguar.

Kukonzanso

Kukonzanso galimoto yakale yampikisano kumasiyana ndi kudzutsa galimoto yofa kuti ingoyenda. Wokonza amayamba ndi mapepala: mabuku a ku fakitale olembamo ntchito iliyonse imene inachitika pa chasisi, zithunzi za pa tsiku la mpikisano, ndi manambala odindidwa pa injini, pa giyabokosi ndi pa ekiselo. Chiwalo chakale chimene chingathe kupulumutsidwa amachikonza m'malo mochitaya, chifukwa mtengo wa galimoto uli m'zitsulo zakalezo. Zimene zinatayika amazipanga ndi manja potsata njira zakale: matabwa a bodi amasemedwa, nsalu imakokedwa n'kukhomedwa, ndipo mabeyaring'i a injini amachita kusungunula chitsulo chofewa n'kuthira, kenako n'kupala mpaka chikwane.

Chovuta kwambiri ndi kusankha chaka. Galimoto yonga Old Number One inakhalapo ndi maonekedwe angapo: ya ku Le Mans ya 1929, ya 1930, ya ku Brooklands ya 1931, ya 1932, ndi ya pamsewu. Munthu sangaibwezere ku zonsezi nthawi imodzi, ndipo kusankha chimodzi ndi kufafaniza zinazo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, galimotoyi itadutsa m'manja mwa eni angapo, inagulidwa ndi Edward Hubbard, wosonkhanitsa magalimoto akale a Bentley. Iye anasankha kuibwezera mmene inalili pa mpikisano wake womaliza wa 1932, popeza chasisi ndi injini zimene zinalipo zinali za chaka chimenecho.

Mlandu wa 1990

Nthawi imeneyo mitengo ya magalimoto akale inali itakwera mopenga, anthu akuwagula ngati malo osungiramo chuma. Hubbard anagwirizana ndi kampani ya Middlebridge Scimitar kuti aigulitse galimotoyo pa mtengo wa mapaundi 10 miliyoni, gawo lalikulu ndalama, lotsala katundu. Mgwirizano utasainidwa, a Middlebridge anabwerera m'mbuyo. Iwo anati analonjezedwa galimoto imene inapambana ku Le Mans mu 1929 ndi 1930, pamene imene anaonetsedwa inali galimoto ina yomangidwa ndi Hassan mu 1932, ya chasisi ina, injini ina ndi bodi ina. Hubbard anakasuma.

Mlanduwu, wotchedwa Hubbard v Middlebridge Scimitar, anauzenga Justice Otton. Mwa mboni munali Walter Hassan mwini wake, ali ndi zaka 85, yemwe anafotokoza zimene anachita ndi manja ake zaka 58 m'mbuyomo, ziwalo zimene anasamutsa ndi zimene anasiya. Munalinso mwana wa Barnato, Diana Barnato Walker, amene anayendetsa ndege pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, komanso akatswiri a mbiri ya magalimoto a Bentley.

Woweruza anagwiritsa ntchito mawu amene mtolankhani wa zamipikisano Denis Jenkinson anawasiyanitsa m'buku lake lonena za magalimoto akale ampikisano. Galimoto yoyambirira ndi imene ili monga inatulukira ku fakitale, osasinthidwa kanthu. Pa muyeso umenewu pafupifupi palibe galimoto yampikisano imene ingakhoze, pakuti ikangothamanga kamodzi amayamba kuisintha. Woweruza anavomereza kuti galimoto ya Hubbard si yoyambirira, ndiponso kuti munthu sanganene kuti zitsulo zake ndi zomwe zija zinazungulira ku Le Mans mu 1929. Anaona kuti ngakhale imene inapambana mu 1930 inali itasiyana kale ndi ya 1929. Koma anakananso kuti ndi galimoto youkitsidwa, ndiye kuti imene inatheratu kenako wina n'kutola zidutswa ziwiri zitatu n'kumangirapo yatsopano.

Chimene chinagamula nkhani ndi mbiri yosadukiza. Galimotoyi sinasowepo pamaso pa anthu. Kusintha kulikonse kunachitika pa galimoto imene inalipo, molamulidwa ndi mwini wake, ndipo kwa 1932 kunachitidwa ndi makaniko wa Barnato yemwe. Barnato ankaitchabe Old Number One, nambala yake ya pamsewu inali yomweyo, ndipo panalibe galimoto ina iliyonse padziko imene ikanalimbirana nayo dzinalo. Pa 27 Julaye 1990 khoti linagamula mokomera Hubbard.

Chigamulochi n'chomveka, ngakhale chimasiya ena osakhutira. Aliyense amene anaonapo thirakitala yakale m'minda ya tiyi ku Thyolo, kapena minibasi imene amakaniko a ku Ndirande aisintha injini kawiri ndi kuwotcherera chasisi, amadziwa kuti eni ake amaitchabe ndi dzina lomwelo ndipo buluu buku ndi imodzi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa minibasi wogula amafuna kuti iyende, pamene wogula Old Number One ankalipira zimene zinachitika mu Juni 1929. Ngati zitsulo zimene zinalipo tsiku limenelo zatsala zochepa, dandaulo la a Middlebridge silinali lopanda pake. Chofooka chake n'chakuti mbiri ya galimotoyi, ndi ngozi ya 1932 yomwe, zinali zolembedwa m'mabuku ndi m'magazini kwa zaka zambiri, ndipo wogula wa ndalama zotere akanatha kuziwerenga asanasaine.

Mpaka lero mlanduwu umatchulidwa pakabuka mkangano wa magalimoto akale, makamaka pamene magalimoto awiri akulimbirana nambala imodzi ya chasisi, wina atamangira pa felemu yakale, wina pa injini yakale. Gulu la Middlebridge, limene linalinso ndi timu ya Brabham ya mipikisano ya Formula One, linagwa m'mavuto a ndalama posakhalitsa, ndipo Brabham inatha mu 1992.

Zaka za posachedwapa

Bentley inagulidwa ndi Volkswagen mu 1998, ndipo mu 2003 inapambananso ku Le Mans ndi galimoto yotchedwa Speed 8, patatha zaka 73 chipambanireni Old Number One. Madalaivala anali Tom Kristensen, Rinaldo Capello ndi Guy Smith.

Mu 2022 kampaniyi inalengeza kuti nthambi yake ya Mulliner ipanga magalimoto 12 atsopano a Speed Six, ofanana ndi a ku Le Mans a 1929 ndi 1930, potsata mapulani akale ndi miyeso yotengedwa pa magalimoto enieni amene alipobe, kuphatikizapo inzake ya Old Number One yotchedwa Old Number Three. Iliyonse inali ya mapaundi 1.5 miliyoni, ndipo onse 12 anali atapeza kale eni ake asanayambe kupangidwa.